Lamulungu la a Belmiro

Ku Ntengo-Wambalame konse, munthu wopita kutchalitchi Lachinayi atavala jekete anali mmodzi yekha, malemu a Belmiro. Mlandu unali m'thumba la malaya: kabuku ka masiku ka 1987, kakuda ndi thukuta, kamene eni ake ankakatcha ajenda. Anakalandira ali ku tropa, kuusilikali. Nkhondo itatha anatuluka m'tchire bwinobwino, koma m'chakacho sanatulukemo.

Ajenda ikati Lamulungu, basi linali Lamulungu. Ankafika patchalitchi n'kupeza mbuzi zokhazokha, n'kubwerera akudandaula kuti dziko lasiya kupemphera. Mu 2015 masiku atangogwirizana okha ndi ajenda, anagwira chanza akatekisita pakhomo, amvekere, "Mwalapa tsopano."

Asilikali anzawo ankalemba za njala ndi zipolopolo. Iwo m'ajendamo ankalemba maloto. Pamsika ankawerengera aliyense wogula kachewere wawo: ng'ombe zoyenda pamwamba pa nkhungu, mapichesi oyankha m'Chipwitikizi. Wogula ankachoka mutu uli zii, thumba ataliiwala pomwepo.

Koma akafika mwezi wa Juni, ankanyowetsa chala n'kudumpha masamba onse. Akazi awo, a Cacilda, sukulu sanaipondeko, koma chala chodumpha ankachiona. Zaka makumi atatu anakhala akudziwa mumtima kuti mmenemo mukugona mkazi wina, mwina wa ku Chidzolomondo, woyera mano. Akafunsa, bambo ankati n'zinsinsi za boma.

"Boma lake lovala chitenje?"

Maliro atatha, a Cacilda anakokera kuseri kwa nkhokwe mwana wawo Elisa, wophunzitsa ku Tsangano.

"Werenga. Ukasintha dzina ndidziwa."

Elisa anawerenga pang'onopang'ono. Ndalota Cacilda akukumba kachewere, ndamuitana, sanacheuke. Tsamba lotsatira, zomwezo. Linanso, zomwezo. Mwezi wonse wozizira uja mayi akukumba, msilikali ataima m'malire a munda akuitana.

A Cacilda anayang'ana kuphiri kumene nkhungu inkatsetsereka. Kenako anati munthuyu anali waulesi ndi kutulo komwe: kumangoitana, osatola khasu n'kuthandiza.

Chaka chino masiku agwirizananso ndi ajenda, mwini wake kulibe woti atinyoze nazo. Lachinayi mbuzi zimadya patchalitchi popanda wozilalikira. Pamsika anthu amagula n'kumapita ndi matumba awo onse.

Koma amene amadutsa kumunda kwa a Cacilda m'mamawa, nkhungu isanachoke, akuti mayiwo amakumba, amakumba, kenako amaimika khasu n'kucheuka.