Takisi ya a Tipopere

Ngati munakwerapo takisi ya a Tipopere, ndiye kuti munapoperedwapo. Palibe amene ankapulumuka. Dzina lawo lenileni tinaliiwala kalekale, chifukwa ukangogwira chitseko, mawu oyamba sanali moni ayi, koma "Tipopere kaye!" Botolo la mankhwala lili kale m'manja ngati mfuti. Ankakupopera m'manja, nsapato, chikwama, ndipo ukatsika ankapopera pamene unakhala, iwe ukuona, manyazi alibe.

Ine ndine telala, ndipo shopu yanga inayang'anizana ndi poimikira matakisi, choncho zonse ndinkaonera pawindo. Galimoto ija inabwera ndi mipando yakuda bii. Chaka chisanathe inatuwa ngati bulu. Chiwongolero chinasupuka, dashibodi inang'aluka ngati chidendene cha m'chilimwe, ndipo manambala a pa wailesi anafufutika moti mwiniwake ankasaka nyimbo mongopapasa.

Makaniko wawo anadandaula mpaka kutopa.

"Achimwene, bulichi ndi wa kubafa, si wa m'galimoto. Mwaononga kale mawaya a mawindo onse."

"Nanga majeremusi?" anafunsa a Tipopere.

"Majeremusi anasamuka kalekale. Pano mukungozunza galimoto."

"Eya! Anasamuka chifukwa cha ndani?"



Tsiku lina anakwera mphunzitsi wina atatchena suti yakuda, akupita kukayesedwa ntchito yatsopano. Mpando unali usanaume. Potsika, kumbuyo kwa thalauzi kunali mawanga oyera mbee, ndipo anathamangira kwa ine misozi ili m'maso. Ndinamubwereka thalauzi la kasitomala wina, lalifupi, masokosi onse pamtunda. Koma ntchito anaipeza. A Tipopere atamva anangoti, "Mwaona? Mu ofesimo woyera anali yekhayo."

Tinkawaseka, ndipo pa osekawo ine ndinali patsogolo.

Kenako mwana wanga anabadwa kutatsala miyezi iwiri kuti nthawi yake ikwane, kamunthu kokwana m'bokosi la nsapato. Pamene ankatitulutsa m'chipatala, namwino anandiuza mosabisa kuti chimfine chokha chikhoza kumutenga. Nditaganiza za minibasi, anthu kutsokomolerana m'khosi, ndinayamba kulira. Bambo a mwana anatuluka kukasaka galimoto, n'kupeza a Tipopere ataima kale pageti.

Botolo panalibe. Dzulo lake anali atabwera okha kudzafunsa namwino, ndipo anawauza kuti fungo la mankhwala lingamutsamwitse mwana. Ndiye anatsuka mkati monse ndi sopo ndi madzi otentha, n'kusiya zitseko zotsegula tsiku lonse, aliyense wofuna kukwera akumubweza.

"Bambo, lero simupopera?" ndinafunsa.

"Mayi, lero ndanyamula bwana. Bwana sapoperedwa."

Anayendetsa pang'onopang'ono moti njinga zinkatipitirira. Kumbuyo madalaivala anzawo akuimba mahutala, iwo ali phee, manja onse awiri pa chiwongolero chosupuka chija. "Imbani mpaka mutope," anatero. "Mulibe chimene mwanyamula inu."

Miyezi itatu yathunthu, Lachiwiri lililonse, ankabwera kudzatitenga kupita kusikelo. Tsiku limenelo sankanyamula munthu wina ife tisanabwerere. Namwino akanena kuti mwana wakwera sikelo, a Tipopere ankalengeza poimikira ponse ngati kuti anayamwitsa ndi iwo. Ndikayamba kuthokoza ankandidula. "Mayi, musandiyankhulitse, ndili pamsewu."

A Tipopere anamwalira chaka chatha, masana, atakhala pakhonde pawo. Mtima unangoima. Mwana uja tsopano ali pasukulu, ndipo liwiro lake ine sindilitha.

Pamalo pawo pamaima takisi ina yonyezimira. Dalaivala wake ndi munthu wabwinobwino, sakangana ndi aliyense, ndipo poimikira pazizira ngati ofesi. M'mawa ndimadzutsabe mutu pa mashini kuyang'ana pawindo, koma palibe choti ndiseke.

Galimoto ya a Tipopere anaigula wogulitsa nkhuku. Sabata yatha inadutsa pano itadzaza mpaka kudenga, nthenga zikuuluka, nkhuku zina zitakhala mpando wakutsogolo. Makaniko anali pashopu panga kudzatenga ovololo yake. Anavula chipewa, n'kuiyang'ana mpaka inakhota.

"Akanaona izi," anatero, "tikanawaika kawiri."

Tinaseka mpaka kugwirana mapewa. Kenako makaniko anayamba kupukuta m'maso ndi ovololo ija, ndipo ine ndinabwerera pa mashini, koma ulusi unandikanika kulowetsa mu singano.