Mbiri Yosatha ya Woliza Lipenga

M'mudzi wina, kuseri kwa phiri lomwe dzina lake sitilitchula, munali lamulo losalembedwa: mbiri ya munthu imawerengedwa mwini wake ali m'bokosi. Ndiye a Yotamu Kadzuwa, amene analiza lipenga la jazi m'mahotela a ku Joni zaka makumi awiri, atalemba buku la moyo wawo akadali moyo, mudzi unasowa pogwira.

Bukulo linaperekedwa kwa a Gwedeza, Mlembi Wamkulu wa Komiti ya Zovuta, amene amawerenga mbiri pamaliro onse. Iwo anavala magalasi, nalisanthula masiku atatu, kenako anagamula kuti ndi labwino ndithu, koma losatha: silikunena matenda, silikutchula chipatala, ngakhale tsiku lomwe mwini wake anatisiya.

Ena onse anachita zomwe amazidziwa. Pamaliro sanena zoipa, choncho aliyense analiyamikira, ngakhale amene anangoona chikuto. Amayi anabwera ndi nkhuni, wina anasesa pabwalo osatumidwa. Abambo akakumana nawo panjira amavula chipewa n'kunong'onezana kuti a Kadzuwa anali munthu wabwino. Masiku oyamba mkuluyo anakondwa. Koma nyengo ya maukwati inafika, ndipo palibe anawaitana kukaliza. Ungaitane bwanji munthu amene mbiri yake inawerengedwa kale? Lipenga linayamba kuchita dzimbiri, mwini wake chimodzimodzi.

Tsiku lina kunabwera a Nachisale, ogulitsa tomato, okhawo, kupatula a Gwedeza, amene anawerenga bukulo mpaka tsamba lomaliza. Anagwada pakhomo mwaulemu, aneba akumva.

"Achimwene, mwalemba kuti paukwati wanga anthu anavina mpaka fumbi kuphimba dzuwa. Munaliza nyimbo ziwiri, kenako tinakupezani muli mtulo pansi pa nkhokwe."

"Zinali zitatu, mlongo," anayankha a Kadzuwa, maso akuwala.

"Yachitatuyo inali yoyamba ija. Munaibwereza osadziwa."

Komiti inakumana mwadzidzidzi. Itakambirana mozama, inalengeza kuti munthu amene akunenedwa chonchi, n'kumatsutsanso, ndi wamoyo basi. Pa za a Nachisale inangoti wakutsina khutu ndi mnansi.

Loweruka la sabata yomweyo a Nachisale anawaitana kukaliza paukwati wa mwana wawo. A Kadzuwa analiza moipa kwabasi, mpweya ukuwathera pakati pa nyimbo, ndipo aliyense anawauza zimenezo pamaso, osawabisira. Mkuluyo anabwerera kwawo akuimba mluzu.