Makala a Kale ndi Makala a ku Limbe

Lolemba

Ndadzuka chiperoni chili pakhomo. Phiri la Soche kulibe. Kuchokera ku Chilobwe mpaka ku Limbe minibasi yonse ikununkha majuzi osauma.

Koma lero sindidandaula. Dzenje ndi langa! Zaka khumi ndi chimodzi ndakhala ndikutsuka mapale a anthu ena m'beseni, kuwalemba manambala, eni ake n'kumakatchuka nawo m'malipoti. Tsopano a Dokotala, mkulu wa gulu lathu lofukula zakale, akuti poti ng'anjoyi ndinaitulukira ndine, ndiitsegule ndekha, ndipo dzina langa lidzakhala pamwamba pa lipoti.

Ndi ng'anjo ya makolo yosungunulira chitsulo. Ili kuseri kwa njanji, pamalo pamene a Karimu, a sitolo ya zitsulo mu Limbe muno, akufuna kumangapo nyumba yosungiramo katundu. Atipatsa sabata imodzi. Katapila wodzasalaza malowa akubwera Lolemba likudzali.

Ndikufuna chinthu chimodzi chokha: makala a pansi penipeni pa ng'anjo. Timawatumiza kunja, makina n'kunena nthawi imene mtengowo unadulidwa. Popanda makala ng'anjo ilibe zaka, ndi dothi lopsa chabe ngati la pa uvuni wa njerwa. Koma sungangopisa dzanja. Umayambira pamwamba, kupala pang'ono, kujambula, kupalanso.

Dongosolo langa:
Lero, kusesa.
Lachiwiri, kujambula.
Lachitatu, kutsegula theka.
Lachinayi, kufika pansi.
Lachisanu, makala!
Loweruka, kuchapa ndi kugona.

Malamulo ndawalemba pa katoni n'kuikhoma pa chikhomo: makala osagwira ndi dzanja, osasuta pafupi ndi dzenje, moto wamtundu uliwonse ayi. Kachidutswa kamodzi ka makala a lero kakagweramo, makina adzati ng'anjo inamangidwa chaka chatha. A Malunga, amene anayamba kukumba ine ndisanabadwe, awerenga katoniyo kawiri, ndudu ili kukhutu. "Zamveka, abwana." Abwanawo ndine. Akundigemula, ndikudziwa, komabe zandikomera.

Lachiwiri

Mawawa. Si mvula yoti munthu n'kuthawira pakhonde, ndi ija yongokunyowetsa mwaulemu mpaka kumafupa.

Pepala lojambulapo lafewa ngati buledi woviika m'tiyi. Pensulo ikungoboola. Esinati, wojambula wathu, wayambiranso katatu, zala zitachita dzanzi. Chithunzi chachitatu chikufanana ndi mbatata.

Dothi likanyowa lonse limakhala mtundu umodzi. Dzulo ndimaona lofiira, lakuda, laphulusa, lililonse pamzere wake. Lero phala lokhalokha.

A Dokotala ali ndi chimfine. Akutsogolera ntchito ali m'galimoto, galasi atatsitsa pang'ono ngati akugula nyuzipepala. "Mukuyenda bwino, pitirizani!" Galasi n'kukwera.

Mafunso a anthu odutsa lero:
"Mukufuna golide?"
"Ndi manda amenewo?"
Mayi wogulitsa chinangwa chophika: "Inu, anthu akuluakulu, amakulembani ntchito yoseweretsa matope?"

Ndapeza a Malunga akusuta kuseri kwa wilibala, pafupi zedi ndi dzenje. Ndawathamangitsira ku njanji. Munthu wa msinkhu wa bambo anga, pamvula! Apita. Ndachita manyazi, koma katoni ija ndinalemba ndekha, ndibweza bwanji?

Zimene zatheka: theka la chithunzi.

Lachitatu

Lona limene tinafunditsa dzenje lagwira ntchito yake bwino. Lasonkhanitsa madzi onse a mu Limbe pakati pake, kenako lang'ambika n'kuwakhuthulira m'ng'anjo momwemo.

Kukapa madzi kuyambira m'mawa mpaka masana. Ndowa ziwiri, chitini, ndi mbale ya Esinati ya nkhomaliro. Jombo yanga ya kumanzere ikumwa. Sindikumvanso zala za kuphazi, mwina zilipo.

Khoma la ng'anjo layamba kufewa. Ndalikhudza ndi chala, chala chalowa. Chinthu chapirira zaka mazana pansi pa nthaka, ife tachivundukula sabata yathayi, ndipo chikusungunuka ine ndikuona. Zandiwawa mumtima kwambiri.

A Karimu abwera ndi fulasiki ya tiyi wa jinja ndi masamusa. Munthu wabwino. Ndawapempha masiku atatu oonjezera. "Achemwali, ndikanakonda, koma wa katapila ndinapangana naye kale. Akachoka pano ali ndi kwina." Ayang'ana Esinati, milomo itatuwa, akunjenjemera mpaka tiyi kutayika. "Mufa nako kuzizira uku, ana inu." Apita akupukusa mutu.

Theka silinatsegulidwe. Ndatsalira ndi tsiku limodzi ndi kachidutswa.

Lachinayi

A Karimu atumiza mbaula yatsopano ya m'sitolo mwawo ndi thumba la makala. Mphatso! A Malunga ayang'ana mbaula, ayang'ana katoni ya malamulo, ayang'ana ine. Ndalamula kuti mbaula ikakhale uko pansi pa bulugamu, kutali. Wofuna kuotha apite komweko, ndipo asambe m'manja pobwerera.

Zotsatira zake: aliyense ali ku bulugamu. Ngakhale a Dokotala atsika m'galimoto koyamba sabata ino. M'dzenje ndatsala ndekha, nditagwada pa saka, madzi akundilowa m'khosi.

Ndatsegula theka. Zibuluma za chitsulo chosungunuka. Zidutswa za mipope ya dothi yopemerera moto. Ndipo cha m'ma folo, pansi pa zonsezo, chakuda! Makala! Kamzere kokhuthala ngati zala ziwiri. Ndakuwa ngati ndaona njoka. Onse athamanga kuchokera ku mbaula manja ali bii, ndawabweza ndi fosholo.

Kuwachotsa lero sizitheka. Khoma lawerama pamwamba pake, ndikakumba pansi ligwa. Liyenera kuumako kaye. A Malunga akuti: "Tapani lero lomwe, abwana, ngakhale supuni imodzi. Kumwambaku sikukuoneka bwino." Ndakana. Chithunzi sichinathe, ndipo pa ntchito yathu chinthu sichichoka pamalo chisanajambulidwe. Ndadikira zaka zonsezi, sindingachite zachidule tsiku lomaliza.

Mu minibasi ndakhala ndikumwetulira ndekha. Kondakitala wandifunsa ngati ndili bwinobwino.

Lachisanu

Sindikufuna kulemba. Ndilembabe.

Chifunga mpaka m'mawondo. Esinati wamaliza chithunzi cha m'ma leveni. Khoma silinaume, lafeweratu. Dzuwa kulibe, mphepo kulibe, ndipo katapila watsala masiku atatu. Ndayang'ana ku bulugamu. Mbaula ili psuu.

Ndine. Palibe anandiuza. Ndainyamula ndekha ndi nsanza, ndaiika pa thabwa lopingasa dzenje, moyandikana ndi khoma la ng'anjo. Ola limodzi lokha, ndadziuza choncho.

Ndipo zimatheka! Khoma layamba kufuka nthunzi, kufiira kwake kukubwerera. Ndasangalala, ndaonjezera makala. Thumba lonse ndaliika pa thabwa pomwepo kuti ndisamavutike n'kuyendayenda.

Mphepete mwa dzenje mwagumuka mwakachetechete, ngati munthu wotopa akukhala pansi. Thabwa, mbaula, thumba, zonse khuu m'ng'anjo! Madzi a pansi fwaa, nthunzi tolo. Khoma latsatira pambuyo pake.



Sitima ya katundu yadutsa. Tonse taiyang'ana mpaka bogi yomaliza, chifukwa palibe amene amafuna kuyang'ana mnzake.

Galasi la a Dokotala latsika lonse.

Loweruka

Abwera onse, ngakhale sindinaitane munthu. Mawawa abweranso nawo. Tasefa matope ndowa ndi ndowa. Makala tawapeza ochuluka, mabeseni awiri. Vuto ndi loti onse ndi akuda.

Makala akuluakulu akudziwika kuti ndi a m'thumba. Koma khoma linaphwanya ambiri, ndiye tizidutswa tasakanikirana ngati mchere ndi shuga.

Njira zimene tayesa:
Kununkhiza, Esinati. Onse akununkha matope.
Kuluma, a Malunga. Akuti akale amafumbutuka, a lero amalira pa dzino. Aluma asanu, atatu achita zonse ziwiri.
Kuponya m'madzi. Ena amira, ena ayandama, ndipo palibe akudziwa tanthauzo lake.
Kupemphera, ine.

Kamtima kena kakundinong'oneza kuti sankha tating'onoting'ono, tumiza, adziwa ndani? Makina adziwa. Ndipo akapanda kudziwa ndiye zoipiratu: adzatipatsa chaka chabodza, anthu n'kumachiphunzitsa ana, pansi pake pali dzina langa. Ndakauza kamtimako kuti kakhale chete.

A Dokotala sanakalipe. Bola akanakalipa. Alankhula kudzera m'mpango: "Lembani zimene zachitika, ndendende. Makalawo tayani." Lipoti alemba okha.

A Karimu amva, abwera wefuwefu. "Mbaula yanga ija? Pepani, achemwali, pepani ndithu!" Akupepesa iwo! Ndalephera kuwayang'ana kumaso.

Poweruka a Malunga aima pamphepete penipeni pa dzenje, atulutsa machesi. "Ndingathe?" Ndati sutani. Akoka kawiri. "Ine ndinagwetsera wilibala yodzaza miyala pa mbiya yathunthu, kalekale. Inalibe ndi mng'alu womwe. Mpaka lero ndimaionabe, mwanangu." Ndalira pomwepo, mamina ndi mvula pamodzi.

Lamulungu

Dzuwa. Ndithu dzuwa! Kumwamba kuli mbee, kopanda ndi kamtambo komwe. Chilobwe yense wayanika mabulangete pa mipanda. Ku tchalitchi sindinapite.

Fomu imene a Dokotala anandipatsa ndadzaza. Pamzere wa zaka za malowa ndalemba kuti sizikudziwika. Pamzere wa chifukwa ndalemba zonse: thabwa, mbaula, thumba, ndi amene anaziika. Dzina langa lalowa ndithu m'lipoti.

Mawa katapila asalaza zonse nthawi ya tiyi isanakwane.

Makala sindinataye. Ndinabwera nawo m'jumbo, pamiyendo, mu minibasi. Ndawayanika pa lata m'mawa wonse. Masana magetsi azima, ndiye ndawathira mu mbaula yanga n'kuteleka madzi. Ena mwa iwo anawayatsa munthu amene ankasungunula chitsulo pamalo paja Limbe isanakhale Limbe, ndipo sindidzadziwa kuti linali liti. Ndakhala pa mpando ndikuwayang'anitsitsa, mwina akalewo ayaka mwa mtundu wina.

Ayi. Onse ayaka chimodzimodzi. Madzi awira msanga.