Intavyu ya pamaliro anga

Zamanyazi zina munthu umangozimeza mpaka kulowa nazo m'manda. Zangazi sizibisika, chifukwa theka la dera lathu la Chiputula linazionera limodzi, ena atakhala pa mabenchi a tchalitchi. Ndiye bola ndifotokoze ndekha.

Makampani awiri a mafoni ataphatikizana, anatilonjeza kuti netiweki izifika mpaka pansi pa bedi. Zimene anachita ndi kuzimitsa nsanja imene inali pafupi nafe, ati ya ku Katoto itikwanira tonse. Kuyambira pamenepo foni kwathu inasanduka tochi.

Zinafika pa nthawi yoipa. Ndinali nditakhala miyezi ndili pa ulova, tikudalira mayi a Tadala, akazi anga, amene amagulitsa kaunjika mumsika. Malungo nawo anali atangondigwetsa, moti aneba anandiona akundikweza pa kabaza ngati thumba la chimanga. Nditangodzuka, uthenga unandipeza ndili m'tauni: kampani ina ya zipangizo zomangira indiimbira Lachiwiri m'mawa, intavyu ya pafoni, poti mabwana ake ali ku Lilongwe. Ndinalumbira kuti ntchito imeneyi sindiiphonya, zivute zitani.

Ndinasaka netiweki kuseri kwa bafa, pa chulu, ngakhale pa denga la chimbudzi. Ndinakaipeza mumtengo wa mapeyala, pakona ya mpanda, moyang'anizana ndi msewu. Kamzere kamodzi, kobwera n'kumathawa. Ine ndi nzeru zanga ndinagamula kuti vuto ndi masamba.

Lachiwirilo mayi a Tadala analawirira kumsika. Ndinatseka chitseko, kuvala jekete, poti intavyu ndi intavyu, n'kukwera mtengo ndi chikwanje. Nthambi zonse zoyang'ana ku Katoto ndinazisadza, zinagwa n'kupingasa msewu. Ndinati ndichotsa ndikatsika.

Ine ndinabadwira ku Zomba. Ndimadziwa bwino lomwe kuti masamba aawisi pamsewu ndi chizindikiro cha maliro. Koma tsiku limenelo m'mutu mwanga munali timizere tokhatokha, ndipo tinali titakwana titatu. Foni inalira.

Ndikufotokoza za maphunziro anga m'Chingerezi chosita bwino, ndinaona wakabaza akutsika panjinga, kuvula chipewa, n'kuyamba kukankha. Wachiwiri chimodzimodzi. Kenako NyaGondwe, neba wathu, anatulukira. Anayang'ana masamba, kuyang'ana chitseko chotseka, n'kukumbukira malungo aja. Manja kumutu.

"Mayo ine, a Chikopa aja! Dzana lomweli timapatsana moni!"

Azimayi anayamba kubwera atamanga zitenje. Ndinayesa kuwerama kuti ndiwakodole, timizere tinatsika, mawu a madamu wondifunsayo n'kuyamba kuduka. Ndinabwerera msanga panthambi yanga. Ndinadziuza kuti alire kaye pang'ono, kulira sikupha munthu.

Mbali yakunyumba masamba anali akadali gwaa, komanso pamaliro palibe amene amayang'ana kumwamba. Posakhalitsa a Mhango, eni nyumba yathu, amenenso ndi mkulu wampingo, anafika ndi mabenchi n'kuwaika pamthunzi wa mtengo womwewo. Ndinathothola kapeyala kakang'ono n'kuwagwetsera paphewa. Iwo anangosuntha benchi.

"Anali munthu wabwino chomene," anatero a Mhango akupukusa mutu. "Kungoti makani. Ukamuuza ichi, iye icho."

Ndinamva kuwawa, koma nthawi yomweyo ndinali ndikuyankha funso la mmene ndimagwirira ntchito ndi anthu.

Nyimbo itayamba, madamu uja anasiya funso lake panjira.

"Mr Chikopa, kodi muli pamaliro?"

"Zikuoneka choncho, madamu."

"Pepani kwambiri. Watisiya ndani?"

"Mmene ndikumvera kunoku, ndine. Koma tiyeni tipitirize."

Madamu anandifunsa ngati ndikufuna tsiku lina, ine ndinakana kwamtuwagalu. Tsiku lina netiweki ikanapezeka kuti? Tinapitiriza, ine ndikuwerengera matumba a simenti m'mutu, pansi akundiimbira nyimbo yotsanzika.

Chimene sindinadziwe n'chakuti anthu atalephera kuwapeza mayi a Tadala pafoni, anatuma wakabaza kumsika. Ndinawaona akutsika pa kabazayo, opanda nsapato phazi limodzi. Ataona masamba aja anagwada mumsewu momwemo n'kuitana dzina langa lenileni, limene sanalitchulepo chikwatiranireni.

Kulira kwa aneba ndinakupirira, koma uku kunandilasa mumtima. Manyazi ndi chisoni zinandigwira limodzi. Madamu anali pakati pa funso lina, ine ndinakuwa foni ili pakamwa pomwepo.

"Mayi a Tadala, ndili moyo! Ndili kumwamba kuno!"

Anthu anabalalika. NyaGondwe anadumpha ngalande imene masiku onse amaizungulira. A Mhango anatsala okha, atakakamira benchi, akuyang'ana munthu wa jekete ali pa nthambi ndi chikwanje. Foni inali itaduka kale.

Mayi a Tadala sanathawe. Anapukuta misozi, kundiyang'ana bwinobwino, n'kutola nthambi imodzi mwa zimene ndinadula zija, kuyamba kuisadzula masamba modekha. Anandipempha mwaulemu kuti nditsike. Ndinatsika dzuwa litapendeka.

Mabenchi ndinabweza ndekha kutchalitchi, pamutu. Ndinayenda khomo ndi khomo kupepesa, ndipo aliyense amati "yewo, yewo" uku akundigwira mkono kuti atsimikize. Za ntchito ndinali nditataya mtima. Komabe m'mawa uliwonse ndimakwera mtengo uja, poti za makani zija, a Mhango sananame.

Sabata yotsatira foni inalira. Anali madamu yemwe uja, akuvutika kubisa kuseka. Anati ndikayambe Lolemba.

"Bwana wamkulu wanena kuti antchito athu amajomba kwambiri chifukwa cha maliro," anatero. "Ndiye munthu amene sanajombe pa maliro ake omwe, sitingamusiye."

Phunziro ndi lakuti ukafuna netiweki kwera mtengo ndithu, koma nthambi uzigwetsera mkati mwa mpanda.