Lamya ya Mitala

Mu Limbe monse munalibe munthu wokakamira moni ngati malemu a Gervazio, amene ankalumikiza malamya pa switchibodi ya kampani yathu ya mathiraki. Ukangoimba n'kuyamba ndi "Ndipatseni ku akaunti," iwo ankazula waya. Uimbenso, upereke moni, ufunse za ana ku Nancholi, apo ndiye akulumikize. Ngakhale bwana wachizungu anaphunzira "Mwadzuka bwanji" mosafuna.

Malamya apakampani anawagawa ngati banja. Ya m'maofesi, yodzera pa switchibodi yawo, ankati ndi ya unkhoswe: nkhani imadzera kwa mkulu, ena osaimva. Ya kudepoti ku Mandala, yochita kupukusa kuti belu lilire, inali ya apongozi, poti umalankhula nawo uli patali. Imene ankadana nayo ndi ya mitala, malamya awiri pa waya mmodzi. "Wamkulu akamalankhula," iwo ankatero, "wamng'ono ali khutu pakhoma."

Tsono kunabwera a Kingsford, oona za antchito, a baji ya chipani pachifuwa. Atamva kuti madalaivala amang'ung'udza pa lamya za makadi a chipani, anaikitsa ya mitala patebulo pawo, pa waya wa ku Mandala. Masiku amenewo liwu limodzi linkamusowetsa munthu, ndipo tonse tinadziwa kuti akusaka a Alidi, dalaivala wapakamwa posatseka, bambo wa ana ang'onoang'ono.

M'mawa wina a Alidi akundidandaulira pa lamya kuti awabweza pamsika chifukwa cha khadi, panamveka kakuti "tche", munthu atanyamula lamya inayo. Apo a Gervazio analowa pa waya ndi ulemu wawo wonse.

"Takulandirani a Kingsford. Mwadzuka bwanji? A Alidi, perekani moni, akuluakulu afika."

Posakhalitsa a Kingsford anatulukira ku switchibodi, maso ali psu.

"Mdala, mukudziwa chimene mukuseweretsa?"

"Ayi bwana, ine ndangolonjera. Kwathu ku Nsanje mlendo sakhala pakhomo osalonjeredwa."

"Musiye zimenezo."

"Ndidzasiya inu mukadzayamba kuodira."

A Gervazio sanasiye. A Kingsford akangonyamula, moni. Akanyamula mwakachetechete atagwira mpweya, moni, ndi kufunsa za chifuwa chomwe. Mapeto ake kampani inagula makina olumikiza okha, ndipo a Gervazio anawapumitsa ntchito nthawi isanakwane, popanda ngakhale tiyi wotsanzikana. Anatuluka atavala jekete lawo, akulonjera aliyense mpaka pageti, a Kingsford omwe. A Alidi sanatengedwe.

Mdalayo tinakamuika ku Nancholi, ndipo ine ndimamusowa kwambiri. Makinawa amakupatsa munthu msanga, koma sanandifunsepo za mwana wanga wodwala. Akudepoti okha ndiwo sanasinthe. Akanyamula lamya amati, "Moni nonse amene muli pa waya," kenaka n'kudikira pang'ono. Nthawi zina pamamveka kakuti "tche", munthu akubwezera lamya pansi.