Chaka Chimene aPetulo Anaona Miyezi Iwiri

Kwathu kuno, kuseri kwa phiri la Mphunzi, kunali munthu mmodzi yekha amene maso ake sankatsutsidwa, ndipo munthuyo anali malemu aPetulo Ngozo. Iwo ankati Mulungu pogawa maso anayambira pa iwo, ena tonsefe tinangolandira makombo. Ankakhala pamwala waukulu wa kumtunda kwa mudzi, kachigubu ka fodya wa mphuno m'manja, n'kumatiuza zochitika kumalo oti phazi likafike mawa lake. Mbuzi ili ku Lobi ankaiona kuti ili ndi bere, ndipo ukawakakamiza ankakuuza kuti ibereka ana awiri.

Tsiku lina analoza kafumbi kutali, m'njira ya amtengatenga, n'kunena kuti kukubwera anthu asanu ndi anayi, asenza mchere, ndipo wakumbuyo akutsimphina ndi matekenya. Madzulo kunafika anthu asanu ndi awiri atasenza nsalu. APetulo sanatekeseke. Anati awiri apatukira kwa abale awo, ndipo mcherewo uli pansi pa nsalu. Koma wakumbuyo ankatsimphinadi, ndipo mudzi unakumbukira chokhacho.

Musawayese okamba zopanda mutu. Chaka ndi chaka iwo ndiwo ankayamba kuona Nsangwe, kagulu ka nyenyezi kaja, ikatulukira kum'mawa dzuwa litangolowa. Akaiona ankatsika n'kulengeza kuti chimanga cha mbewu chitsike kudenga, ndipo mvula siinkachedwa pambuyo pake. Mwala uja unali mpando wawo, ankaunyadira kuposa ng'ombe zawo zitatu.

Ine ndine Timoteyo, ndipo masiku amenewo ndinali mphunzitsi pa kasukulu kofolera udzu ka m'mudzimo. Ndili ndi chilema chimodzi, ndivomere: ndikaona chinthu chokhota ndimafuna kuchiwongola ngakhale si changa. Komanso nkhani yonseyi inayamba ndi pakamwa panga.

M'chilimwe cha 1909 ndinapita ku mishoni ku msonkhano wa aphunzitsi. Mzungu wa kumeneko anatiuza kuti nyenyezi yofiira imene inkatuluka kum'mawa madzulo aliwonse ndi dziko loyandikana ndi lathu, ndipo chaka chimenecho linkadutsa pafupi. Anati munthu wokhala ndi chipangizo chachikulu cha magalasi angalione lalikulu ngati mwezi. Ndinabwera n'kufotokozera ana a sukulu zonse mwadongosolo. Anawo anatenga mwezi n'kupita nawo kwawo, magalasi anawasiya m'kalasi.

Sabata isanathe, mudzi wonse unali utadziwa kuti kukubwera mwezi wachiwiri. Amayi ankadandaula kuti nkhuku zisiya kugona, ziyamba kuwonda. Olondera madimba anakondwa kuti nguluwe zisowa mdima wobisalamo. Azamba anafuna kudziwa kuti mimba tsopano aziiwerenga ndi mwezi uti. Onsewa anakwera kumwala kukafunsa mwini maso.

APetulo anayang'ana kum'mawa nthawi yaitali, ananunkhiza fodya, n'kunena mawu amodzi okha: “Ikukula.”

Lolemba inali ngati nyemba. Lachitatu inali ngati dzira la nkhuku. Pofika Loweruka inali itafika pa chipande. Anthu ankatukula mitu, ankaona kadontho kofiira komwe kaja, koma ndani akanavomera kuti maso ake ndi makombo? Aliyense ankagwedeza mutu n'kumati ikukuladi, ena mpaka kuwonjezera kuti ayamba kumva kutentha kwake.

Ine zinandinyansa. Lamulungu, potuluka m'mapemphero, ndinanena pamaso pa anthu kuti nyenyeziyo siidzakula, ndipo amene akuti ikukula akunamiza mudzi. APetulo sanakwiye. Anangoti tidikire tsiku limene mwezi udzakhale wathunthu, pamene ziwirizo zidzatulukire pamodzi.

“Zikadzapanda kulingana, aphunzitsi, ndidzatsika pamwala paja, ndipo sindidzakwerapo ngati mwini wake.”

Mawa lake akazi awo, aJestina, anandipeza ndikusoka mphasa pakhonde. Anagwada patali, anazungulirazungulira ndi nkhani za nyemba, kenako anandiuza. Maso a amuna awo anali atayamba kuchita nkhungu kuyambira pa zokolola. Dzana lakelo anali atapereka moni kwa mtondo, anadikira yankho, n'kulowa m'nyumba akudandaula kuti anthu a masiku ano alibe mwambo. Kumwala kuja ankapita powerenga mapazi. Nyenyeziyo kwa iwo inkakuladi, chifukwa chilichonse chowala chinkamwazika m'maso mwawo.

“Aphunzitsi, mukawachotsa pamwala paja, ine ndikawakhazika pati?”

Ndinawayankha kuti choona ndi choona, sichisankha nkhope. Mawu amenewo ndimachita nawo manyazi mpaka lero.

Tsikulo linakwana. Dzuwa likulowa, mudzi wonse unali pamwala, ngakhale nkhalamba zoti zinasiya kale kukwera mtunda. Kunkawomba kamphepo kozizira kathu ka kumapiri kuno. Mwezi unatuluka, wathunthu, woyera. Chapambali pake panali nyenyezi ija, yowala bwino ndithu, yofiira ngati khala, koma yaing'ono monga inalili nthawi zonse.

“Mwaona?” anatero aPetulo mosangalala. “Zalingana.”

Panalibe woyankha. Kumbuyo wina anatsokomola pobisa phwete. APetulo anatchera khutu, anamva kuti chete ameneyu si wa anthu ozizwa. Anandikodola kuti ndikhale pambali pawo, n'kutsitsa mawu.

“Aphunzitsi, inu simunama, n'chifukwa chake anthu sakukondani. Ndiuzeni, ndi yaikulu bwanji?”

Ndinali nditakonzekera yankho limeneli masiku asanu, koma ndinalinena monong'ona.

“Ngati njere ya nyemba, bambo.”

“Nanga mweziwo, m'mphepete mwake mukuoneka?”

“Mukuoneka bwinobwino.”

“Kwa ine zonse ziwiri zili ngati moto woyaka kuseri kwa nsalu.” Ananunkhiza fodya. “Ndiye kuti masowa atha.”

Kenako anadzuka, anadzikonza bulangete paphewa, n'kuuza khamulo kuti nyenyeziyo yabwerera panjira. Anati inkabwera ndithu, koma itaona anthu onsewa akuiyang'ana kukamwa yasa, yachita manyazi ngati mkamwini wofika pakhomo apongozi akusamba. Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti, ndipo nkhani ya mwezi wachiwiri inathera pomwepo. Ali mkati moseka, ochepa okha ndiwo anaona kuti aPetulo akutsika pamwala atagwira dzanja la aJestina. Ndinapambana mlandu, koma chakudya cha madzulo amenewo ndinachisiya chosakhudza.

Mwala unakhala wopanda munthu mwezi wonse. Mitambo itayamba kusonkhana cha ku phiri la Dedza, anthu anasowa wowauza za mbewu. Ndinapita ndekha kukawapempha kuti abwerere. Anakana, anati mwamuna sabweza malovu. Atandizunza masiku atatu anavomera, koma anati mwini mwala tsopano ndine, iwo azingobwera ngati mlendo.

Mlendo wake anali wovuta. Madzulo aliwonse ndinkawatsogolera kumtunda, ine n'kumayang'ana, iwo n'kumanditsutsa. Tsiku limene Nsangwe inaoneka anandifunsa kuti ndawerenga nyenyezi zingati. Ndinati zisanu ndi imodzi. Anati iwo ankaona khumi ndi ziwiri, ndi tiana take pambali. Ndikati kunjira kwadzuka fumbi, iwo ankandiuza amene akubwera, chimene asenza ndi chimene akangana panjira. Ndikati ku Lobi kukugwa mvula, ankafunsa ngati yanyowetsa mbuzi ija. Anthu anayambanso kukwera kumwala, ndipo ndinazindikira kuti sankabwerera maso anga.

Tinakhala choncho zaka zisanu ndi zinayi, ine maso, iwo pakamwa. Kukangana tinkakangana tsiku lililonse, ndipo ndinawakonda mkulu ameneyo kuposa mmene ndinawauzira. Chimfine chachikulu cha 1918 chinawatenga pamodzi ndi ena ambiri a m'mudzi muno. Ali gone pamphasa anandiitanitsa, anandigwira dzanja, n'kundilangiza kuti ndiziwonjezerako pang'ono, chifukwa munthu wokwera mtunda wonse uja safuna kukamva kuti fumbi ndi fumbi.

Ndinayesa, koma sindinabadwe nazo. Ndikati ndiwonjezere, nkhope imandiulula. Masiku ano ndimakwerabe, mawondo akalola, ndipo mbewu zimatsika kudenga pa nthawi yake. Palibe chasokonekera m'mudzi muno. Kungoti ku Lobi kunatalikira, amtengatenga amafika ali alendo, ndipo mbuzi za anthu ena sitidziwanso za moyo wake. Ndimakhala pamwala paja n'kumanena zoona zokhazokha, ndipo palibe amene amabwera kudzamva.