Mkaidi Wadothi Amene Anayankhula pa Chonde

Tsikulo kunali chiperoni, phiri losaoneka konse, ndipo chomveka chinali madontho pa malata ndi mabelu a njinga za kabaza pa Chonde. Ndikanadziwa, ndikanangokhala kunyumba ndi Baibulo langa.

Alamu anga, alongo ake a malemu mkazi wanga, anatuluka kundende ali ndi luso loumba. Koma anthu ankawalambalala, ena osawapatsa ndi moni womwe. Alamuwo anabwereka sitolo yakale, natseka mawindo, namangamo chitolokosi cha zitsulo. Mkatimo anakhazikamo anthu adothi atavala zoyera za akaidi. Nyali imodzi inkawala chammbali, mithunzi ya zitsulo n'kumadula nkhope zawo. Ankafuna kuti oona azindikire kuti mkaidi ndi munthu.

Ndinafika nditanyowa. Alamuwo anandibwereka malaya a mkaidi omwe anatsala, n'kupita kukagula mabatire a nyali ija. Ine ndinalowa m'chitolokosimo, ndinakhala pakati pa adothiwo, n'kuwerama kuti ndipempherere ntchitoyo. (Malemu ankati mapemphero anga amatha ndiwo zitapserera.)

Ndisanafike pa ameni, kunalowa amayi atatu a kumpingo kwathu. Kudzuka ndinachita manyazi, mkulu wampingo m'zovala zotere. Komanso anali alendo oyamba, sindinafune kuwathawitsa. Ndinangouma.

Anayamikira ziboliboli zinazo mwachisoni, mpaka anafika pa ine.

"Koma uyu, anzanga," anatero mayi wotsogolera kwaya, "nkhope yokhayi ikuchita kuonetseratu kuti anaba mbuzi."

Wachiwiri anati chiboliboli chimenechi chafanana ndi ine, kungoti woumba wawonjeza makutu. (Sanawonjeze kanthu.) Wachitatu anati n'zosatheka, bambo aja si okwinyika chonchi. Ndinamuthokoza mumtima. Kenaka wa kwaya uja anapisa dzanja pakati pa zitsulo, nanditsina khutu kuti aone ngati dothi lauma.

"Lauma, mayi," ndinatero mwaulemu.

Khomo linali limodzi, koma anatulukira pamodzi onse atatu, wina n'kusiya patapata.

Pofika masana msika wonse unali pamzere kudzaona dothi loyankhula. Sanalipeze, koma ndinaona ndi maso anga ambiri potuluka akugwira alamu anga chanza.

Zitamveka kuti dothi loyankhulalo ndinali ine, amayi aja anabwera Lamlungu kudzapepesa, akulephera kubisa phwete. Mpaka lero ndikamadutsa, a kwaya amalira ngati mbuzi chapansipansi. Ndinawakhululukira.